Kwawo adati watha, ku China adamuimikira chiboliboli

Munthu wotchuka akagwa, anthu sachedwa kugamula mlandu wake. Chigamulo chake chimakhala cha mawu awiri okha: watha ameneyu. Mawuwa amamveka pamsika, m'minibasi ngakhale pabawo, ndipo kawirikawiri owanena amakhala omwe aja ankamuombera m'manja dzana.

M'chaka cha 2009 mawu amenewa adagwera Stephon Marbury, katswiri wa mpira wa basketball wa ku America. Matimu a muligi yaikulu ya NBA adali atatopa naye, nyuzipepala zinkamunyoza, ndipo ochemerera a mumzinda wa kwawo wa New York adali atamukuwiza mpaka kutopa. Patangotha zaka zitatu, anthu a mumzinda wa Beijing ku China adamuimikira chiboliboli panja pa bwalo lamasewero, ulemu umene anthu ambiri amaulandira atagona kale kumanda.

Nkhaniyi ndi yokoma kuimva, koma ndi yosavutanso kuimva molakwika. Wina akhoza kungotolapo zoti zikavuta kwanu thawira kunja, kumeneko zikakhala bwino. Wotola zimenezo wataya mnofu n'kutsala ndi fupa. Njira yomwe Marbury adadzera adadzeramonso akatswiri ena a mu NBA, ena otchuka ngati iye yemwe, koma adabwerako chimanjamanja. Chidamupulumutsa mkuluyu n'chakuti adavomera kutsika, adalowa m'mudzi mwa eni ngati munthu wopempha malo, ndipo adasiya pabwalo la ndege khalidwe limene lidamuthamangitsa kwawo.

Mwana wa ku Coney Island

Marbury adabadwa pa 20 February 1977 ku Coney Island, dera la ku Brooklyn mumzinda wa New York. Anthu akamva za New York amaganiza za nyumba zosanjikizana zonyezimira, koma kumene iye adakulira ndi kwa anthu osauka, okhala m'nyumba zomangidwa ndi boma, kumene mfuti ndi mankhwala ozunguza bongo sizidali zachilendo. M'banja la ana 7 iye adali wa nambala 6.

Banja la a Marbury lidali la basketball. Achimwene ake atatu adali akatswiri odziwika m'deralo ndipo adasewerako m'makoleji, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene adafika mu NBA. Wina akalephera, maso a banja ankatembenukira kwa womupondana naye. Pofika pa Stephon, chiyembekezo chonse cha pakhomo chidali chitaunjikana pamutu pa mwana mmodzi. Mabanja amene adagulitsapo mbuzi kuti mwana mmodzi apite kusekondale akudziwa kulemera kwa katundu wotere, ndipo amene amakumva kwambiri kulemerako ndi mwanayo.

Mnyamatayu adatchuka ali pasukulu ya Abraham Lincoln High School, adasewera chaka chimodzi chokha kuyunivesite ya Georgia Tech, kenaka mu 1996 adalowa mu NBA. Chaka chilichonse matimu a muligiyi amasankha anyamata atsopano motsatizana, ndipo kutchulidwa koyambirira ndi chizindikiro chakuti ndiwe dolo. Marbury adatchulidwa wachinayi m'chaka chomwe mudalinso Allen Iverson, Ray Allen, Kobe Bryant ndi Steve Nash. Bryant adasankhidwa pa nambala 13, Nash pa nambala 15. Usiku umenewo Marbury, ali ndi zaka 19, adalira misozi pamaso pa makamera, abale ake atamuzungulira.

M'bwalo ankasewera malo amene amatchedwa point guard. Kwa odziwa mpira wamiyendo, ameneyu ali ngati wosewera wapakati uja amene mpira uliwonse umadzera kwa iye, n'kumagawira anzake kuti agoletse. Ndi malo ofunika munthu wamaso komanso wosaumira. Luso ndiye Marbury adali nalo. Pa zaka 13 zomwe adasewera mu NBA ankagoletsa mapointi 19 pagemu, kuphatikizapo kupatsira anzake mipira yogoletsa pafupifupi 8. Kawiri konse, mu 2001 ndi mu 2003, adasankhidwa kukasewera gemu ya All-Star, yomwe imasonkhanitsa akatswiri okhaokha.

Luso lilipo, mtendere palibe

Timu yake yoyamba idali Minnesota Timberwolves, kumene adakumana ndi mnyamata wina waluso, Kevin Garnett. Awiriwa adagwirizana ngati nsima ndi ndiwo, ndipo mu 1997 adafikitsa timuyo m'ndime yachipulula yolimbirana chikho kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake. Akadakhala limodzi bwenzi lero nkhani yake ili ina. Koma chaka chomwecho Garnett adasaina mgwirizano wa madola 126 miliyoni, ndipo malamulo atsopano omwe adabwera pambuyo pake sankalola kuti Marbury adzalandire zofanana nazo. Mu 1999 Marbury adaumirira kuchoka. Iye ankati akufuna kusewera pafupi ndi kwawo, koma ambiri adaona nsanje.

Kuyambira pamenepo mbiri yoipa idayamba kumutsatira. Ku New Jersey Nets ankagoletsa kwambiri koma timu inkagonja. M'chaka chake chomaliza kumeneko timuyo idapambana magemu 26 mwa 82. Atamusinthanitsa ndi Jason Kidd mu 2001, Nets idapambana magemu 52 n'kufika mufainolo zaka ziwiri zotsatizana. Ku Phoenix Suns zidachitikanso chimodzimodzi: m'chaka chomwe adachoka timuyo idapambana magemu 29, ndipo chaka chotsatira, Steve Nash ali pamalo pake, idapambana 62.

Kunena chilungamo, kusinthaku sikudabwere kaamba ka munthu mmodzi yekha, chifukwa matimuwa adagulanso osewera ena. Koma mbiri ikamera imavuta kuizula. Anthu adayamba kunena kuti kumene Marbury wachoka ndi kumene kumabwera madalitso.

Mu January 2004 loto lake laubwana lidakwaniritsidwa pomwe adagulidwa ndi New York Knicks, timu ya kwawo yomwe ankaichemerera ali wamng'ono. Mzinda wonse udamulandira ngati mwana wobwera kudzapukuta misozi ya makolo. Chaka chomwecho adaimira dziko lake pamasewero a Olympic ku Athens, kumene adagoletsa mapointi 31 pokumana ndi Spain, ngakhale kuti America idangotenga mendulo ya nambala 3, zomwe kwa eni akewo zidali zochititsa manyazi.

Ku Knicks ndiko zinthu zidafika poipa. Adadzitcha yekha point guard woposa onse mu NBA pamene timu yake inkangogonja. Adakangana ndi mphunzitsi Larry Brown kudzera m'nyuzipepala, m'chaka chomwe timuyo idapambana magemu 23 okha. Brown atachoka adakangananso ndi Isiah Thomas, ndipo mu November 2007 adaisiya timu paulendo n'kubwerera kunyumba atamva kuti amuika pabenchi. Amene akufuna kuyeretsa Marbury pa zonsezi akudzinamiza. Timuyo idali ndi mavuto ake a utsogoleri, koma naye adali munthu wovuta kukhala naye.

Komabe munthu sakhala ndi mbali imodzi. Mu 2006 Marbury adayambitsa nsapato zamasewero zotchedwa Starbury zomwe zinkagulitsidwa pa mtengo wa madola 14.98, pa nthawi yomwe nsapato za mayina a akatswiri anzake zinkapitirira madola 100. Ankakumbukira ana a ku Coney Island amene makolo awo sakadakwanitsa mitengo imeneyo, ndipo pofuna kuonetsa kuti nsapatozo si zachabechabe ankazivala yekha m'magemu a NBA. Mtima umenewu udalipo kale. Udangokwiririka ndi phokoso la mikangano.

Tsiku lomwe anthu adaseka wodwala

Pa 2 December 2007 bambo ake, a Don Marbury, adali m'bwalo la Madison Square Garden kuonerera mwana wawo akusewera. Adayamba kumva kupweteka pachifuwa, adathamangira nawo kuchipatala ndipo adamwalira usiku womwewo. Stephon adauzidwa gemu itatha.

Chaka chotsatira mphunzitsi watsopano, Mike D'Antoni, sadamuseweretse ngakhale gemu imodzi ya muligi, ndipo mu December 2008 timu idamuletsa kufika kumene anzake ankachitira zokonzekera. Ankalandira ndalama zoposa madola 20 miliyoni pachaka osagwira mpira. Tsiku lina adachita kugula tikiti ku Los Angeles kuti aonerere timu yake yomwe ikusewera. Kampani yomwe inkagulitsa nsapato zake nayo idagwa mu 2008. Mu February 2009 Knicks idathetsa mgwirizano wake, ndipo miyezi yochepa yomwe adasewera ku Boston Celtics idaonetsa munthu amene watha mphamvu.

Mu July 2009 adayatsa kamera kunyumba kwake n'kudzionetsa pa intaneti kwa maola ambirimbiri, akuyankhula zosagwirizana, akulira, mpaka adadya mafuta a Vaseline anthu akuona. Dziko lidaseka. Mawayilesi ndi nyuzipepala adapeza poyambira nthabwala. Patapita zaka, mu 2015, Marbury adaulula pawayilesi ya kanema ya HBO kuti pa nthawiyo ankadwala matenda a maganizo ndipo ankalingalira zodzipha.

Apa ndi poyenera kuimapo kaye. Munthu amene adataya bambo ake, ntchito yake ndi bizinesi yake m'zaka ziwiri ankamira anthu akuona, ndipo chimene ambiri adachita ndi kuitana anzawo kuti adzaone. Khalidwe limeneli si la ku America kokha. Paliponse pamene munthu amene adali pabwino wayamba kuyankhula yekha mumsewu, oseka amachuluka kuposa omugwira dzanja. Ndalama zomwe Marbury adali nazo sizidamuteteze ku matendawa, ndipo zidachititsanso kuti anthu asamumvere chisoni.

Mbewa ya manyazi idafera kuuna

Mu January 2010, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 33, Marbury adasaina ndi timu ya Shanxi Zhongyu ya muligi ya ku China yotchedwa CBA. Kwa anthu a ku America uku kudali kutsika kosaneneka. Zili ngati wosewera wa timu yaikulu ya mumzinda akapezeka akuthamanga pabwalo lafumbi la kumudzi. Timuyo idali kumunsi kwa ligi, ndipo mzinda wake wa Taiyuan ndi wa migodi ya malasha, wozizira koopsa m'nyengo imeneyo komanso wautsi. Chinenero sankachidziwa, chakudya chidali chachilendo, ndipo ndalama zake zidali kachigawo kochepa ka zomwe adazolowera.

Akadatha kukana. Adali atapeza ndalama zoposa madola 100 miliyoni mu NBA ndipo akadatha kudzitsekera m'nyumba kudikira foni yomwe sikadalira. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Anthu ambiri aluso amathera pomwepa, pokana ntchito yaing'ono chifukwa choopa kuti anzawo aziti chiyani. Marbury adatuluka kuunako, ndipo pabwalo la ndege ku China adapeza khamu la anthu likumudikira ndi chimwemwe, chinthu chomwe adali atachiiwala.

Sikuti zonse zidayenda nthawi yomweyo. Ubale wake ndi Shanxi udatha patangotha chaka chimodzi chamasewero. Adapita ku Foshan, kummwera kwa dzikolo, kumene timu yake sidafike m'ndime yachipulula. Zaka ziwiri ali ku China adalibe chikho chilichonse choloza. Wina akadanyamula zikwama pamenepo n'kunena kuti dzikolo ndi loipa. Iye adakhala.

Mu 2011 adalowa timu ya Beijing Ducks, yomwe idali isadatengepo chikho cha CBA. Motsogozedwa ndi mphunzitsi Min Lulei, timuyo idayamba ligi ndi kupambana magemu 13 otsatizana. Mufainolo ya 2012 idakumana ndi Guangdong Southern Tigers, chimphona chomwe chidatenga chikho maulendo 7 pa zaka 8 zam'mbuyo. Beijing idapambana magemu 4 kwa 1, ndipo m'gemu yomaliza Marbury adagoletsa mapointi 41. Munthu uja ankanenedwa kuti sangapambanitse timu adalira ngati mwana, anzake akumuponya m'mwamba.

Anthu oposa 1 miliyoni adavota pa intaneti kuti amuimikire chiboliboli, ndipo mu May 2012 chidaimikidwa panja pa bwalo la ku Wukesong, lomwe lidachititsa masewero a basketball a Olympic mu 2008. Beijing idatenganso chikho mu 2014 pogonjetsa Xinjiang, n'kubwereza mu 2015 pogonjetsa Liaoning, ndipo ulendo umenewu Marbury, ali ndi zaka 38, ndiye adasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse mufainolo. Adamupatsa ulemu wokhala nzika yolemekezeka ya mzinda wa Beijing, nkhope yake idatuluka pasitampa, sewero la moyo wake lidaonetsedwa mumzindawo, ndipo mu 2015 kudatsegulidwa nyumba yosungiramo mbiri yake. Pofika mu 2016 adali atalandira chiphaso chokhalira ku China mpaka kalekale, chomwe dzikolo limapereka kwa alendo owerengeka.

Ena adapitako, adabwerako bwanji?

Amene akuganiza kuti mankhwala ake ndi ndege basi aone zomwe zidachitikira anzake a Marbury m'matimu omwewo.

Chaka chimodzi Marbury asadafike ku Shanxi, timuyo idagula Bonzi Wells, katswiri winanso wochokera mu NBA. Ankagoletsa mapointi oposa 30 pagemu. Koma atapita kwawo kutchuthi kumayambiriro kwa 2009 sadabwerere pa nthawi yake, ndipo timu idathetsa mgwirizano wake.

Chaka chimodzi Marbury asadafike ku Beijing Ducks, timuyo idagula Steve Francis, amene adasankhidwapo katatu kusewera mu All-Star ndipo adasewerapo limodzi ndi Marbury ku Knicks. Francis adafika thupi lisali lokonzeka, adangosewera mphindi zowerengeka m'magemu anayi, ndipo December 2010 asadathe adali atanyamuka. Naye Tracy McGrady, amene dzina lake ku China lidali lalikulu kuposa la Marbury, adasewera chaka chimodzi ku Qingdao kuyambira mu 2012, timu yake n'kuthera pansi penipeni pa ligi.

Dziko ndi lomwelo, ligi ndi yomweyo, ndipo kwa Wells ndi Francis matimu ndi omwewo. Kusiyana kudali pa munthu. Ambiri ankapita ku China ngati wopita kuganyu: gwira, landira, thawa. Marbury adapita ngati mkamwini amene wadziwa kuti kuchikamwini ulemu umabwera ndi khasu. Ankakwera sitima zapansi panthaka limodzi ndi anthu wamba. Ankapita kukachemerera timu ya mpira wamiyendo ya mumzindawo, Beijing Guoan. Ankalemba nkhani m'nyuzipepala ya China Daily. Adakayendera kuchipatala mwana wina wodwala khansa ya m'magazi amene ankamuchemerera. Adajambulitsa pathupi pake dzina lomwe eni dziko adamupatsa, Ma Bu Li.

Chachikulu kuposa zonse chidachitika m'bwalo momwemo. Malamulo a CBA amaika malire pa chiwerengero cha alendo amene timu ingagwiritse ntchito, choncho timu singatenge chikho ngati anyamata a m'dzikomo sakusewera bwino. Mlendo wongofuna kugoletsa yekha amatchuka m'nyuzipepala koma chikho sachiona. Marbury adayamba kuphunzitsa anyamata a timu yake, kuwalimbitsa mtima ndi kuwapatsira mpira pa nthawi yofunika. Ochemerera ankamutcha Lao Ma, kutanthauza mkulu Ma, dzina lachikondi lomwe amapatsa munthu amene amamuona ngati wawo. Mutu umodzi susenza denga. Phunziro limeneli lidamukanika pa zaka 13 ku America, ndipo adakaliphunzira kwa eni ali ndi zaka 34.

Zonena otsutsa

Alipo amene amati nkhaniyi imakometseredwa, ndipo mfundo zawo n'zofunika kuzimva.

Yoyamba ndi yakuti ligi ya ku China ndi yofooka poyerekeza ndi NBA, kotero kuti kuwala kumeneko kuli ngati munthu wamkulu kupambana mpikisano wa ana. Zoti CBA ndi yotsika palibe angatsutse. Koma kukadakhala kuti kufooka kwa ligi kumapereka chikho, bwenzi McGrady ndi ena onse aja atabwerako ndi zikho. Komanso ntchito ya munthu imayezedwa ndi zomwe wachita pamalo pomwe ali. Mphunzitsi amene wakhozetsa ana pasukulu yakumudzi sachepa chifukwa choti sadaphunzitse mutauni.

Yachiwiri ndi yakuti Marbury adapita ku China kukagulitsa nsapato zake kumsika wa anthu oposa 1 biliyoni, ndipo chikondi chonsecho chidali malonda. N'zoona kuti malonda adali m'maganizo mwake, ndipo iye sadabise. Koma palibe amene amapita kunja popanda chomwe akufuna. Funso ndi lakuti eni dziko adapindulapo chiyani. Anthu a ku Beijing adapeza zikho zitatu pa zaka zinayi ndi anyamata ophunzitsidwa bwino. Malonda amene onse awiri atuluka akumwetulira si umbava.

Yachitatu ndiyo yolemera kwambiri, ndipo aliyense wolota zakunja aisunge. Mlendo amakhalabe mlendo. Mu 2012, ngakhale kuti aliyense adaona amene adanyamula timu, mphotho ya wosewera bwino mufainolo sidapite kwa Marbury chifukwa malamulo a nthawiyo sankalola kuti ipite kwa wosewera wobwera. Ndipo mu 2017, ali ndi zaka 40, pomwe ankafuna kusewera chaka china chimodzi, Beijing Ducks idasiyana naye. Chiboliboli chidali chiimire panja, mwini wake akufunafuna timu ina. Pamwamba pa izo, zaka zonsezi banja lake lidali kutsidya la nyanja, ana akukula bambo ali kutali. Umenewu ndi mtengo umene sulembedwa pamgwirizano.

Chomwe chikusonyeza kuti munthuyu adasinthadi ndi mmene adalandirira nkhonya imeneyi. Marbury wakale akadayatsa moto m'nyuzipepala. Uyu adalowa timu ina ya mumzinda womwewo, Beijing Fly Dragons, adasewera chaka chake chomaliza, ndipo mu February 2018 adapuma atatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 41. Kuyambira mu 2019 mpaka 2023 adali mphunzitsi wamkulu wa Beijing Royal Fighters. Munthu amene aphunzitsi ankamuthawa ku New York adapatsidwa ana a eni kuti awaphunzitse.

Zikukhudza bwanji pakhomo?

Mabanja ambiri m'matauni ang'onoang'ono a m'Malawi ali ndi mwana, mlongo kapena bambo amene ali ku Joni kapena kwina kulikonse kunja, ndipo ena akusonkha ndalama ya basi pakadali pano. Nkhani ya Marbury ili ndi mawu kwa opitawo komanso kwa otsala.

Kwa opita, mawu ake ndi akuti malire a dziko sachapa khalidwe. Waulesi ku Balaka akakhalanso waulesi ku Johannesburg, ndipo wokangana ndi aliyense ku Kasungu akapeza wokangana naye ku Cape Town. Munthu asadakwere basi ndi bwino adzifunse chomwe chidamukanika kwawo, chifukwa ngati chili mumtima mwake chikwera naye basi yomweyo. Akafika, adziwe kuti kwa eni amalemekeza amene waphunzira moni wawo, wadya chakudya chawo ndipo wagwira ntchito ngati mawa adzakhalaponso.

Asanyozenso malo ooneka otsika. Atsikana awiri apachibale a ku Rumphi, Tabitha ndi Temwa Chawinga, adasewerapo mpira wamiyendo ku China komweko. Tabitha adapitako mu 2018 kuchokera ku Sweden, ndipo pambuyo pake adakawala ku Italy ndi ku France. Temwa adachoka ku Wuhan kupita ku Kansas City Current ku America, kumene mu 2024 adagoletsa zigoli 20 muligi n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse. Kwa Marbury China idali kotsikira, kwa a Chawinga idali makwerero, koma onsewa adaitenga ntchito ya kumeneko ngati ntchito yeniyeni.

Kwa otsala, mawu ake ndi awiri. Oyamba ndi okhudza katundu amene banja limasenzetsa mwana mmodzi. Marbury adakula akudziwa kuti iye ndiye khomo lotulukira mu umphawi la banja lonse, ndipo mwana wotere amaphunzira msanga kuwerengera zake ndi kuchitira nsanje za anzake. Wachibale amene ali kunja akamaimbiridwa foni pokhapokha pakafunika ndalama ya feteleza, asadabwe abale akamva kuti wasiya kuyankha. Nayenso ndi munthu, amafuna womufunsa mmene wadzukira.

Achiwiri ndi okhudza amene wagwa. M'dera lililonse muli wina amene adali pantchito yabwino, kapena adabwerako kunja wopanda kanthu, ndipo lero amangokhala m'nyumba osafuna kuonana ndi anthu. Kumuseka n'kosavuta. Koma mwina akudwala matenda omwe aja adagwira Marbury mu 2009, amene amafunika abale omvetsera komanso thandizo la kuchipatala. Ndipo akapeza kantchito kakang'ono koyambirapo, kaya ndi kugulitsa tomato pamsika pomwe kale ankafikapo pagalimoto, ameneyo ndi wofunika kumulimbikitsa, chifukwa wachita chinthu chimene chimakanika anthu ambiri.

Si aliyense adzaimikiridwe chiboliboli, ndipo si aliyense ayenera kuwoloka nyanja kuti ayambirenso. Kwa ena Taiyuan wawo ndi boma loyandikana nalo, kwa ena ndi ntchito yotsika pakampani yomweyo. Chofunika ndi mtima wovomera kuti dzulo lapita ndipo lero uyambira pansi.

Amene adalemba Marbury m'gulu la anthu otha mu 2009 adali ndi umboni wokwanira: mikangano, kugonja, misozi ya pa intaneti. Chimene sadawerengere n'chakuti munthu wa zaka 32 akhoza kuphunzira khalidwe latsopano. Adaseweranso zaka zina 8, adatenga zikho zitatu, ndipo adaphunzitsa ena zaka zinayi. Asadanene kuti watha ameneyu, munthu ayambe waona ngati mnzakeyo wasiyadi kupuma.